Adada Msiska Anagwira Nyengo

Adada Msiska atamwalira mwezi wathawu, anthu anadzaza pabwalo pawo mpaka ena kukhala mumsewu. Ine ndinakhala pakona ndi azimayi anzanga, chitenje kumutu, n'kumayang'ana nkhope imodziimodzi. Sindinkawerenga anthu ayi. Ndinkafuna kuona amene angayang'ane bokosi lija osagwetsa maso pansi. Panali ena pamaliro paja amene anaimba mokweza kuposa anzawo onse, ndipo ine ndikudziwa chimene chinkawaimbitsa choncho.

Ndakhala nawo moyandikana kuno ku Chinsapo kuyambira ndili ndi mwana mmodzi mpaka pano ndili ndi zidzukulu. Pakati pa nyumba yanga ndi yawo pali mpanda waudzu basi, ndiye za pakhomo pawo ndinkazimva ngakhale ndisakufuna. Kwawo kunali ku Rumphi. Anabwera mu Lilongwe ali mnyamata n'kuyamba ntchito yokhoma zidebe, ndipo Lachitatu ndi Loweruka madzulo ankaphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kwawo pabwalo pawo pomwepo. Aliyense ankawaitana kuti Adada, monga aitanira bambo kwawoko, ngakhale ife a ku Dowa amene kumpoto sitinapondeko.

Tsiku limene ndinalankhula nawo koyamba ndinali nditavala wotchi imene malemu amuna anga anandigulira. Adada anasuzumira pampanda n'kundifunsa kuti, "Amama, nyengo ili bwanji?" Ine ndinayang'ana kumwamba n'kuwayankha kuti kukutentha, koma mwina kuchita mitambo chakumadzulo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza pamkono panga. M'pamene ndinadziwira kuti kwawo mawu akuti nyengo ndi amene ife timati nthawi. Ndinaseka mpaka kugwira mpanda. Iwo sanaseke. Patapita zaka anandiuza kuti tsiku limenelo anaganiza kuti ndikuwazemba dala, kuti mwina wotchiyo inali yakuba.

Ndi mmene analili. Sindinaonepo munthu wokayikira zinthu ngati iwo. Ukawapatsa moni mwansangala kwambiri, ankayamba ayang'ana ngati hamala yawo idakali pamalo pake. Ukayamikira ndowa yawo, ankati pali chimene ukufuna. Chilichonse ankayamba achigogoda ndi chala n'kutchera khutu: chitseko, dzungu, poto, ngakhale foni imene mwana wawo Tawonga anawagulira. Nkhuku zanga zikadutsira kwawo, ankanena motsimikiza kuti sizinasochere, zachita kutumidwa. Tinakanganapo za nkhukuzo, za utsi wa zinyalala, ndi za mtengo wa mpanda umene ankati chaka ndi chaka umasuntha wokha kulowera mbali yawo. Ndinkawayankha ndithu, chifukwa nane pakamwa ndili napo. Koma mwana wanga atakomoka ndi malungo, amene anamubereka kumsana mpaka kumsewu wa minibasi anali iwo omwewo, ndipo titabwerako anandifunsa ngati ndaonetsetsa kuti mankhwala amene andipatsawo si otha ntchito.

Ankadzitama kuti wabodza amamudziwa atatsinzina. Ankati munthu wonena zoona amalankhula monga amayendera, koma wabodza akafika pabodza penipenipo amafulumira ngati wodutsa pakhomo pa galu wolusa. Ndinawafunsa tsiku lina kuti nanga ine ndimafulumira pati. Anati ine ndimafulumira paliponse, n'chifukwa chake ndimawavuta.

Ife a mzere uno kalendala sitinkaifuna kwenikweni. Adada ankakhomera pa chidutswa cha njanji, ndipo chinthu chilichonse chinali ndi kaliridwe kake. Mbaula inkalira molemera, go, go, go, mopumira, chifukwa lata lake ndi lokhuthala. Ukamva choncho mmawa unkadziwa kuti Juni wayandikira, yamba kufufuza majuzi a ana. Makeni othirira kudimba ankalira mofulumira, ndipo amenewo ankabwera ndi mphepo ya Ogasiti ndi fumbi lake. Akayamba ndowa ndi mabafa, kulira kwake komveka mpaka kuchigayo kuja, azimayi ankauzana pakiyosiki ya madzi kuti konzani mbewu, Adada ayamba. Sikuti ankalosera. Zaka zina ankakhoma ndowa mulu, mvula osaoneka, n'kumazipukuta fumbi akung'ung'udza. Ankangochita zimene wogulitsa aliyense amachita, kukonzeratu zimene anthu azifune.

Pakwaya ndiye panali nkhondo yawo yeniyeni. Ana ambiri a m'kwayamo anabadwira konkuno, Chitumbuka amangochimvera patali, ndiye Adada ankawakalipira m'Chichewa chawo chopindika chija. Zoti wina ali ndi mawu okoma analibe nazo ntchito kwambiri. Chimene ankafuna n'choti onse alowe pamodzi, apume pamodzi, atsike pamodzi, ndipo chimenecho ankachitchula kuti nyengo. Wina akathamanga ankati wataya nyengo. Wina akatsalira ankati wagona pa nyengo. Anyamata atabweretsa kiyibodi yoliza yokha ng'oma n'kuwauza kuti masiku ano timati biti, Adada anaizungulira, kuigogoda, n'kunena kuti ng'oma yopanda munthu kumbuyo kwake iwo sangaikhulupirire. Ankati biti ya makina sidikira gogo amene mpweya wamuthera pakati pa vesi, imangomuponda n'kumapita, pomwe dzanja la munthu limaona n'kuchedwerako pang'ono.

Ankatinso ife Achewa timawononga mawu, nthawi padera, nyengo padera, pomwe zonsezo n'chinthu chimodzi, chopita n'kubweranso. Dzanja limakwera n'kutsika, mvula imapita n'kubwera, basi. Ine ndinkawayankhira kuseri kwa mpanda kuti ngati zili choncho aziphikira ndiwo m'bafa losambira, poti zonse ndi malata. Mlaliki wina wa pasipika akamakuwa Lamulungu masana kuti ino ndi nyengo yako, ino ndi nyengo yako, Adada ankandiitana n'kufunsa kuti kodi munthuyo bwanji osangotchula ola lake tikonzeke.

Amene asamukira kuno zaka zaposachedwa sakuwadziwa Adada amenewo. Akudziwa nkhalamba yosalankhula, yokhala kuseri kwa geti lotseka, yoti ukaifunsa za kunja imangokweza mapewa. Kwaya anaisiya kalekale. Kutchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, manja onse awiri atawapanira pakati pa mawondo, ndipo Tawonga anandiuza kuti ankatero poopa kuti dzanja lingakwere lokha nyimbo ikayamba. Mawu awo aja anawasiyiratu. Akafuna kudziwa ola ankati nthawi, kutchula pang'onopang'ono ngati akumeza mankhwala owawa. Zonsezi zinayamba chaka chimene mvula inachedwa mpaka Khirisimasi itatsala pang'ono.

Chaka chimenecho Tawonga anabwerera pakhomo ndi ana awiri, banja litatha. Amayi ake anali atamwalira kale. Nyumba ya Adada inali ya chipinda chimodzi ndi pabalaza, ndiye mayi ndi ana akewo ankagona pabalazapo, pakati pa malata ndi zitsulo. Adada anati mwana wawo sangakalambire pamphasa ya pabalaza, amumangira chipinda chake. Anaika hamala pansi, anakumba dothi kuseri, n'kuyamba kuumba njerwa okha ndi chikombole chobwereka. Anayamba mochedwa, ndipo pofika Novembala zidina, njerwa zosawotcha zija, zinali zitaima m'mizere pabwalo ponse zikudikira nkhuni. Ndowa chaka chimenecho sanakhome ndi imodzi yomwe.

Mvula inagwa kamodzi, anthu n'kudzala, kenako kumwamba kunangoyera mbee. Kuno ku tauni musaone ngati sitilima. Pafupifupi aliyense ali ndi kamunda, wina kudambo, wina m'mbali mwa msewu, wina kumudzi, ndipo chimanga chimenecho ndi chimene chimatisunga cha pamsika chikakwera. Chinamera, chinapota masamba, chinayamba kupsa. Anthu ankayenda akuyang'ana kumwamba, ndipo atatopa ndi kumwambako anayamba kuyang'anana okhaokha. Tonse tinakula tikumva kuti oumba njerwa amamanga mvula kuti zidina zawo zisasungunuke. Zaka zabwino timaziseka zimenezi. Chaka chimenecho panalibe woseka.

Kuseri kwa Adada kumakhala Nabanda, mayi wogulitsa tomato ndi makala, amene anali nawo pa mkangano wakale wa ngalande. Iye ankati madzi a padenga la Adada amachita kuwalozetsa dala pakhomo pake. Madzulo ena kwaya ikukonzekera nyimbo za Khirisimasi, ana akuthamanga nayo nyimbo monga mwa masiku onse, Adada anakalipa, ine ndikumva ndikutsuka mbale.

"Mukuthamangira kuti? Nyengo ndagwira ine. Ili m'dzanja ili. Ndisanatsitse dzanja ine, palibe chimene chiyambe pano."

Nabanda nayenso anamva. Pofika mawa lake mawuwo anali atafika pakiyosiki, pachigayo ndi pamalo oimika njinga za kabaza, ndipo paliponse ankafika atanenepa. Akuti munthu waulula yekha kuti wagwira nyengo. Akuti wanena kuti mvula sigwa mpaka iye atalola. Taonani zidina zake. Nanga bwanji chaka chino sanakhome ndowa, si kuti akudziwa kuti padenga sipatsika kanthu? Ine mpaka lero sindikhulupirira kuti Nabanda sanamve tanthauzo lake. Wakhala pafupi ndi kwaya ija zaka zambirimbiri, mawu amenewo ankawamva sabata iliyonse. Komanso mu Chinsapo muno muli anthu akumpoto osawerengeka, ndi ena okwatirana nawo, amene akanatha kuithetsa nkhaniyo ndi mawu awiri. Anakhala chete, aliyense poopa kuti chala chingatembenukire kwa iye.

Ndinawatsina khutu Adada pampanda. Anandiyang'ana mokayika monga mwa nthawi zonse n'kunena kuti anthuwo akungofuna njira yowabera njerwa.

Anthu aja anabwera Lachisanu masana, dzuwa likuswa mtengo. Poyamba anali azimayi ochepa ndi anyamata a kabaza, koma pofika pageti linali khamu, ena miyala ili m'manja, ena atangotsatira kudzaonerera ndi mafoni. Tawonga anatsekera ana m'nyumba. Ine ndinang'amba udzu wa mpanda n'kukaima pafupi ndi Adada. Ndinayesa kufotokoza kuti kwawo nyengo ndi nthawi, kuti ankanena za nyimbo, kuti afunse mwana aliyense wa m'kwaya. Wina anakuwa kuti mayi awa amadyera nawo limodzi. Mwala woyamba unagwa padenga.

Mnyamata wina, amene ali wakhanda amayi ake ankamusambitsira m'bafa lokhoma Adada omwewo, anayandikira n'kunena osakweza mawu:

"Madala, ife sitikufuna zambiri. Masulani mvulayo basi, tizipita. Mukapanga makani, nyumba iyi tiiwotcha lero lomwe."

Ndinaona nkhope ya Adada ikusintha. Apa m'pamene anamvetsa kuti nkhani si ya kuba njerwa. Anayang'ana khamu lija, anayang'ana zenera limene zidzukulu zawo zinkasuzumira, ndipo ine ndinadikira kuti akalipe monga ankakalipira kwaya. Sanakalipe. Anandilankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Amama, ndikakana awotcha ana. Ndikavomera ndine mfiti. Apa palibe mawu."

Analowa m'kashedi kawo n'kutuluka ndi ndowa yakale. Anapita pachitsime cha pabwalo, chimene chinali chitangotsala ndi madzi amatope pansi penipeni, anatunga, n'kukhuthulira pa mzere woyamba wa zidina. Anatunganso. Anagwetsa mzere wachiwiri ndi phazi, kuthira madzi, kuponda. Munthu wa imvi, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akupondaponda chipinda cha mwana wake. Sananene kuti ndamasula, sananenenso kuti sindinamange. Anyamata ena ataona choncho anataya miyala n'kuyamba kugwetsa nawo mizere inayo, akuseka, ngati ali pa ntchito yachitukuko. Dzuwa lisanalowe pabwalo panali chimulu cha dothi ndi zibenthu, ndipo anthu anabalalika mmodzimmodzi. Ine ndinalira ndi mkwiyo, ndipo mkwiyo umenewo sunandithere mpaka lero.

Chakumadzulo ndinawapititsira tiyi. Ndinawapeza atakhala pansi, matope atauma m'miyendo, akuyang'ana kumwamba. Anandiuza kuti mu Chinsapo monse ndi iwo okha amene akupempha Mulungu kuti mvula idikireko masabata angapo, kuti anthu aone kuti zidina zinalibe mlandu. Kenako anati pemphero limenelo ndi loipa, chifukwa chimanga cha anthu chikupsa, cha Nabanda chomwe, ndipo sakudziwa kuti apemphe chiyani. Tiyi uja anazizira osamugwira.

Mvula inagwa mawa lake lomwelo, yamphamvu, yamabingu, mpaka ngalande zonse kusefukira. Ana anavina mumsewu. Ndinamva Nabanda ali pakhonde pake akuuza anzake kuti, "Mwaonatu." Panalibenso chofotokoza. Kuyambira tsiku limenelo azimayi ena ankakokera ana awo mbali ina podutsa pageti la Adada, ndipo ambiri anaona kuti ndowa zapulasitiki n'zabwinonso. Ena anayamba kuwapatsa ulemu woposa kale, kupinda bondo ndithu powapatsa moni, ndipo ulemu umenewo unkawapweteka kwambiri chifukwa ankadziwa kumene ukuchokera. Akuluakulu a kutchalitchi anabwera kudzawapepesa ndi kuwapempha kuti abwerere ku kwaya. Adada anawapatsa mipando, anawamvetsera mpaka kumapeto, n'kuwafunsa kuti Lachisanu lija anali kuti.

Chipinda chija sichinamangidwe. Tawonga anawauza kuti angogula njerwa zowotchawotcha kapena mabuloko a simenti, koma iwo anakana. Ankati khoma lililonse limene lingakwere pabwalo paja anthu alipezera nkhani. Anagona pabalaza Tawonga mpaka ana atakula, kenako anapeza nyumba ya lendi ku Area 25 n'kumabwera kudzawaona Loweruka. Hamala inkalirabe mwa apo ndi apo, kumata poto wa munthu, kukonza chogwirira cha ketulo, koma zoti n'kudziwira mwezi zinali zitatha.

Akudwala komaliza ndinkawaphikira phala. Tsiku lina ndikutenga mbale kuti ndizipita, anandigwira mkono n'kundifunsa ngati inenso, mabingu aja atayamba, ndinakhulupirira. Ndinawauza kuti ayi, ndipo ndinanena pang'onopang'ono dala kuti asapeze pondikayikira. Anandiyang'anitsitsa. Sanandiuze ngati avomereza, anangondisiya mkono n'kutembenukira kukhoma. Zinandipweteka, koma sindinawaimbe mlandu.

Pamaliro kwaya inaimba ndi kiyibodi. Nabanda ndi amene anali patsogolo pa mapoto, ndipo bokosi likukwezedwa pagalimoto yopita ku Rumphi analira mpaka anzake kumugwirira. Mnyamata woopseza kuwotcha nyumba uja, pano ndi bambo wa ana atatu, ananyamula nawo bokosilo. Mwina anthu amasinthadi. Ine ndinangowayang'ana.

Pano pageti pali loko. Ogula zitsulo zakutha anadutsa maliro asanazizire n'komwe, ndipo pamene pankakhala njanji pangotsala kadzenje. Chimulu cha zidina chidakalipo pakati pa bwalo, chitamera udzu umene tsopano wauma. Palibe anatapapo dothi ngakhale lozira khonde. Mango a m'mbali mwa chitsime akugwa okha n'kuwolera pansi, ndipo ana a mzere uno, amene amakwera mpanda uliwonse, uwu okha sakukwera.

Chaka chinonso mvula yachedwa. Inagwa kamodzi, anthu adzala, kumwamba kwayera. Dzulo masana azimayi awiri ochokera kukiyosiki anaima pageti la Adada, zigubu zili pamutu, n'kuyang'ana lokoyo kanthawi. Kenako maso awo anadutsa pabwalo lopanda munthu lija, anawoloka mpanda, n'kundipeza ine ndili pakhonde panga ndikusankha nyemba. Anandipatsa moni mwaulemu kwambiri, wina mpaka kupinda bondo chigubu chili pamutu.

"Agogo, inuyo mukuona bwanji? Igwa liti?"

Pamzere uno wa imvi amene watsala ndine ndekha.